Siteshoni ya São Bento ku Porto ndi matailosi ake: mafunso ndi mayankho

Kodi São Bento ili kuti, ndipo n'chiyani chimakokera anthu kumeneko?

Ili pakatikati pa mzinda wa Porto, kumpoto kwa dziko la Portugal, moyang'anana ndi bwalo la Praça de Almeida Garrett. Kunja kwake ndi chinyumba cha miyala yotuwa, chooneka bwino ndithu koma chosadabwitsa kwenikweni mumzinda wodzaza ndi nyumba zakale. Chimene anthu amadzera chili m'holo yoyamba mukangolowa pakhomo. Makoma ake anakutidwa ndi matailosi pafupifupi 20,000 ojambulidwa pamanja, amene Apwitikizi amawatcha azulejo, ndipo onse pamodzi amakwana masikweya mita 551. Pamakomapo pali nkhondo, mafumu, ukwati wachifumu, alimi akukolola mphesa, ng'ombe zili m'goli ndiponso anthu ali pa mdipiti wa mapemphero. Siteshoniyi ili m'chigawo chakale cha Porto chimene bungwe la UNESCO linachiika m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1996.

Kodi kulowa n'kolipira?

Ayi. Iyi ndi siteshoni yogwira ntchito tsiku ndi tsiku, ndipo holoyo ndi njira yopitira kokwerera sitima. Mumangolowa. Tikiti imafunika pokhapokha ngati mukukwera sitima. Koma kumbukirani kuti pakati pa anthu okweza maso kumakoma pali ena amene akuthamangira kuntchito, choncho musaime pamakomo opita kunjanji.

N'chifukwa chiyani siteshoni ya sitima ili ndi dzina la woyera mtima?

Chifukwa pamalopo panali nyumba ya masisitere a chipani cha Benedikito Woyera, yotchedwa São Bento de Avé-Maria, imene Mfumu Manuel I inalamula kuti imangidwe mu 1518. Nyumbayo inapsa mu 1783 n'kumangidwanso. Mu 1834 boma linathetsa zipani za amonke ndi masisitere m'dziko lonse. Amuna anawatulutsa nthawi yomweyo, pamene masisitere anawalola kukhalabe m'nyumba zawo koma osalandiranso atsopano, ndipo lamulo linati nyumbayo idzakhala ya boma tsiku limene sisitere womaliza adzamwalire.

Apa m'pamene akuluakulu a mzinda anaphunzira kudikira. Sisitere womaliza wa ku São Bento anamwalira mu 1892, patatha zaka 58 chikhazikitsireni lamulo lija, mapulani a njanji atakonzeka kale. Atangomwalira, ntchito yogwetsa nyumbayo inapita patsogolo. Anthu a ku Porto mpaka lero amanena mocheza kuti mzimu wake umayendabe m'siteshonimo ukupemphera usiku, ndipo otsogolera alendo salephera kuikamba nkhaniyi.

Inamangidwa liti, ndipo anaimanga ndani?

Njanji inafika ku Porto kale, koma inkathera ku Campanhã, siteshoni imene inatsegulidwa mu 1875 cha kum'mawa, kutali ndi misika ndi maofesi. Kuti sitima ilowe pakati pa mzinda panafunika kuboola phiri. Sitima yoyamba inatulukira pamalo a São Bento mu November 1896, nthawi imene siteshoni inali zisakasa za matabwa chabe. Mfumu Carlos I inaika mwala wa maziko mu 1900, ndipo pulani ya nyumbayo anajambula José Marques da Silva, mwana wa mumzinda momwemo amene anakaphunzira luso la zomangamanga ku Paris. N'chifukwa chake denga lake ndi nsanja zake zikuoneka ngati za ku France.

Mfumu ija sinaione nyumbayo itatha. Inawomberedwa ku Lisbon mu 1908, ndipo ufumu wonse unagwa pa 5 October 1910. Siteshoni inatsegulidwa pa 5 October 1916, tsiku lokumbukira kugwa kwa ufumuwo. Choncho boma lopanda mfumu linatsegula holo yodzaza ndi zithunzi za mafumu.

Anajambula matailosiwo ndani? Amapangidwa bwanji?

Anajambula Jorge Colaço, amene anabadwira ku Tangier m'dziko la Morocco mu 1868 n'kumwalira mu 1942. Asanatchuke ndi matailosi ankajambula zithunzi zoseketsa m'manyuzipepala, ndipo mukayang'anitsitsa nkhope za anthu wamba pamakomapo mudzaona kuti dzanja lake linazolowera kugwira khalidwe la munthu ndi mizere yochepa. Matailosi anawotchedwa ku fakitale ya Sacavém, pafupi ndi Lisbon, ndipo ntchito yonse inatenga kuyambira 1905 mpaka 1916.

Tailosi iliyonse ndi dongo lowotcha, lopakidwa mankhwala oyera pamwamba. Wojambula amayala matailosi ambiri pamodzi, n'kujambula chithunzi chonse ndi utoto wa mtapo wa cobalt. Utotowo umaoneka wotuwa usanalowe mu uvuni, ndipo buluu wake amatuluka moto ukaupsereza. Ndiye kuti mmisiri amajambula asakuona mtundu weniweni wa chimene akupanga, komanso polakwitsa n'povuta kufufuta chifukwa mankhwala oyera aja amamwa utoto msanga. Akatha amalemba chizindikiro kumbuyo kwa tailosi iliyonse, amaiwotchanso, kenako omanga amazilumikiza pakhoma imodziimodzi. Yandikirani pakhoma muone momwe mwendo wa hatchi umadutsira matailosi angapo osaphonya mzere.

Zithunzi zikuluzikulu zija zikunena chiyani?

Zilipo zinayi, ziwiri kumanzere ndi ziwiri kumanja mukamalowa kuchokera kubwalo. Munthu wosadziwa nkhani zake amangoona akavalo ndi mikondo, n'kutuluka pakatha mphindi zitatu.

Kumanzere m'mwamba kuli nkhondo ya ku Arcos de Valdevez, cha m'ma 1140. Nthawi imeneyo Portugal inali isanavomerezedwe ngati dziko. Afonso Henriques, amene anadzakhala mfumu yoyamba, ankalimbana ndi msuweni wake Alfonso VII, mfumu ya ku León, kumene lero ndi mbali ya Spain. Mbiri imati m'malo moti magulu onse awiri aphane, anasankha akatswiri apakavalo kuti alimbane, ndipo a Afonso anapambana. Patangopita zaka zochepa, mu 1143, pangano la ku Zamora linamuvomera kukhala mfumu.

Pansi pake pali chithunzi chimene ine ndimachiona kuti n'choposa zinzake zitatu. Mwamuna wachikulire waima pamaso pa mfumu, mkazi wake ndi ana ake ali pambali, ndipo ali ndi chingwe m'khosi. Ameneyu ndi Egas Moniz, mlezi wa Afonso Henriques. Nkhani yake imati Alfonso VII atazinga mzinda wa Guimarães, Egas Moniz analumbira m'malo mwa mbuye wake wachinyamata kuti adzagonjera, ndipo adani anabwerera kwawo chifukwa cha mawu akewo. Mnyamata uja sanasunge lonjezo. Pamenepo mkuluyo anatenga banja lake lonse ulendo wa ku Toledo, osavala nsapato, kukapereka moyo wawo ngati malipiro a mawu amene anasweka. Mfumu Alfonso VII itaona zimenezi inawakhululukira. Akatswiri a mbiri amaitenga nkhaniyi ngati nthano yokometsedwa ndi mibadwo yapambuyo, koma ana a sukulu a ku Portugal amakula akuidziwa.

Kumanja m'mwamba, Mfumu João I ikulowa mumzinda wa Porto pamodzi ndi Philippa wa ku Lancaster, mwana wachifumu wa ku England. Anakwatirana mu February 1387 m'tchalitchi chachikulu cha Sé, chimene chili pamtunda pang'ono kuchokera pasiteshoni pomwepa. Ukwatiwo unamanga mfundo pa pangano la Windsor la 1386, ubale wa Portugal ndi England umene sunathetsedwe mpaka lero. Mmodzi mwa ana awo, Henrique, anabadwira ku Porto mu 1394, ndipo ndi iyeyo amene ali pachithunzi chachinayi, m'munsi: waima pakati pa asilikali pa kulandidwa kwa mzinda wa Ceuta mu 1415.

Pali nthano ina ya ku Porto yochokera pa ulendo wa ku Ceuta umenewu. Amati anthu a mumzindawu anapereka nyama yonse yabwino kwa asilikali a m'zombo, iwo n'kutsala ndi zam'kati zokha. Mpaka pano amatchedwa tripeiros, odya matumbo, ndipo dzinalo amalinyadira. Nthumbwana zophika ndi nyemba zoyera ndi chakudya chimene mudzachipeza m'malesitilanti ambiri a mumzindawu.

Kodi chithunzi cha Ceuta chili ndi kanthu kwa ife a kuno?

Chili nako. Ceuta ili ku Africa, pagombe la kumpoto moyang'anana ndi Spain, ndipo anthu amene agonja pachithunzicho ndi Asilamu eni mzindawo. Kulandidwa kwake ndi kumene kumawerengedwa ngati chiyambi cha maulendo a Apwitikizi olanda malo kunja kwa Ulaya. Henrique yemweyu ndiye ankatumiza zombo kutsika ndi gombe la kumadzulo kwa Africa, ndipo mu 1444 akapolo ochokera ku Africa anagawidwa pagombe la Lagos, kumwera kwa Portugal, iye ali pomwepo. Mu 1498 Vasco da Gama anafika pa chilumba cha Mozambique. Pofika zaka za m'ma 1530 Apwitikizi anali atakwera mtsinje wa Zambezi mpaka ku Sena ndi ku Tete, kumene anadzayamba kuchita malonda ndi kukangana ndi mafumu a Amaravi.

Colaço sanajambule zimenezi, ndipo sitingayembekezere kuti akanatero. Ankagwira ntchito nthawi imene Portugal inkalamulira Mozambique ndi Angola, ndipo anamulemba ntchito yoonetsa ulemerero wa dziko lake. Chithunzicho n'chokongola, lusolo n'losakayikitsa, koma munthu wa ku Tete, ku Angónia kapena ku Dedza akaima patsogolo pake akuona poyambira nkhani imene mathero ake akuwadziwa kuchokera mbali inayo. Ceuta yeniyeniyo lero ili m'manja mwa Spain.

Nanga zithunzi zing'onozing'ono zija?

Alendo ambiri amazidumpha, ndipo amadzimana. Pakhoma loyang'ana kunjanji ndi m'malo ena a m'munsi muli moyo wa anthu wamba a kumpoto kwa Portugal: kukolola mphesa ndi tirigu, msika wa ng'ombe, chigayo choyendera madzi, akazi pa kasupe, bwato lonyamula migolo ya vinyo pa mtsinje wa Douro. Pali mdipiti wa Nossa Senhora dos Remédios wa ku Lamego, ndiponso chikondwerero cha São Torcato cha ku Guimarães. Amene anakulira kumudzi sadzafuna womasulira: ng'ombe zili m'goli, mayi wasenza mtolo pamutu, ndipo anthu avala zovala za pa Sabata monga timachitira popita ku misa ya Pasaka. Mafumu aja Colaço anawatenga m'mabuku. Anthu awa ndi a nthawi yake, omwewo amene ankadzatsika sitima m'siteshonimu atanyamula madengu.

Kwezaninso maso kufupi ndi denga. Kuli lamba wa matailosi amitundumitundu wozungulira holo yonse, wosonyeza mmene anthu akhala akuyendera kuyambira kale: apakavalo, ngolo, magaleta, mpaka kufika kwa sitima. Padenga penipeni palembedwa mayina awiri, Minho ndi Douro, zigawo ziwiri zimene njanji za pano zinamangidwira.

N'chifukwa chiyani pafupifupi onse ndi a buluu ndi oyera?

Matailosi oyamba kufika ku Portugal anali amitundu yambiri, a mizere yolukanalukana ya luso la Chiarabu, ndipo ankachokera ku Seville. Mfumu Manuel I inakongoletsa nawo nyumba yachifumu ya ku Sintra. Buluu ndi woyera anafala chakumapeto kwa zaka za m'ma 1600, anthu atatengeka ndi mbale zadothi zochokera ku China ndi matailosi a ku Holland amene ankatsanzira mbalezo. Pamene Colaço ankasankha mitundu imeneyi n'kuti ili kale yachikale, ndipo anaisankha dala kuti holo yatsopano ioneke ngati ya makolo.

Nthawi yabwino yopitako ndi iti, ndipo pamafunika nthawi yaitali bwanji?

M'mamawa, magulu a alendo asanafike, kapena usiku magetsi atayaka. Kuyambira cha m'ma 10 koloko mpaka madzulo, makamaka kuyambira June mpaka September, holoyo imadzaza moti kuona m'munsi mwa khoma n'kovuta. Mphindi 30 n'zokwanira kwa munthu amene akudziwa nkhani za zithunzizo. Kujambula ndi foni palibe amakuletsani. Zithunzi za m'mwamba zimatuluka bwino mukaima kukhoma la tsidya linalo.

Miyezi ya November mpaka February ku Porto kumagwa mvula kawirikawiri ndipo kumazizira, koma anthu amachepa. Usiku wa pa 23 June ndi wa chikondwerero cha São João, pamene mzinda wonse umakhala mumsewu mpaka mbandakucha. Ndi usiku wosangalatsa, koma wosayenera kuonera matailosi.

Ndingafikeko bwanji kuchokera ku bwalo la ndege kapena ku Lisbon?

Kuchokera ku bwalo la ndege la Francisco Sá Carneiro kwerani metro, sitima yamagetsi ya mumzinda, ya mzere E mpaka pa Trindade, musinthe n'kukwera ya mzere D, yachikasu, mutsike pa São Bento. Pamafunika khadi ya Andante, imene mumagula pamakina n'kuigunditsa pa kachipangizo musanakwere. Khomo la metro lili panja, pafupi ndi siteshoni ya sitima.

Ochokera ku Lisbon asamale apa. Sitima zothamanga za Alfa Pendular ndi Intercidades sizilowa mu São Bento, zimaima ku Campanhã. Kuchoka pamenepo mumakwera sitima ya m'tauni, ulendo wa mphindi zosakwana 5 wodutsa pansi pa phiri. Pobwerera n'chimodzimodzi: ngati tikiti yanu yalembedwa Porto Campanhã, musakhale mu São Bento kudikira sitima imene sidzabwera.

Kuchokera pa São Bento ndingapite kuti pa sitima?

Sitima za m'tauni za kampani ya CP zimapita ku Braga, ku Guimarães, ku Aveiro ndi ku Marco de Canaveses, ndipo ulendo uliwonse ndi wa ola limodzi kapena kupitirirako pang'ono. Guimarães ndi mzinda uja wa lonjezo la Egas Moniz, ndipo linga lake lilipobe. Ku Aveiro nyumba yakale ya siteshoni ili ndi matailosi akeake a 1916, koma kunja kwa makoma.

Ulendo umene uyenera tsiku lathunthu ndi wa njanji ya Douro, wopita ku Régua, Pinhão mpaka Pocinho. Ola loyamba n'losasangalatsa kwenikweni, ndi matauni ndi minda basi. Kenako njanji imatsikira kumtsinje n'kuyenda m'mphepete mwake, mapiri a minda ya mphesa ali mbali zonse. Popita khalani kudzanja lamanja. Ku Pinhão, patatha maola awiri ndi theka kapena kuyandikira apo, kuli siteshoni yaing'ono yokhala ndi zithunzi 24 za matailosi za mu 1937, zambiri za ntchito ya mphesa ndi vinyo. Chigawo chimenechi chinaikidwa malire ngati dera la vinyo mu 1756. Sitima zina za ku Douro zimanyamukira pa São Bento, zina ku Campanhã, choncho yang'anani ndandanda ya tsikulo. Mukaona mawu akuti greve pa zikwangwani, ndiye kuti ogwira ntchito anyanyala ndipo sitima zambiri siziyenda.

Kodi pafupi pali matailosi ena oti n'kuona?

Alipo ambiri, ndipo onse mungawafike poyenda pansi. Tsidya la msewu pali tchalitchi cha Congregados. Mukakwera msewu wa 31 de Janeiro mufika pa Santo Ildefonso, chimene kumaso kwake Colaço yemweyu anakuta ndi matailosi pafupifupi 11,000 mu 1932. Mukapitirira mu Rua de Santa Catarina mupeza Capela das Almas, kachisi wamng'ono wokutidwa yense ndi buluu kuyambira 1929. Cha kumadzulo, kudutsa nsanja ya Clérigos, khoma lam'mbali la tchalitchi cha Carmo ndi chithunzi chimodzi chachikulu cha 1912. Akale kwambiri, a zaka za m'ma 1700, ali m'khonde la mkati mwa Sé, ndipo kumeneko kokha n'kolipira. Mukawaona amenewo mutangochoka ku São Bento mudzazindikira kumene Colaço anatengera kajambulidwe kake.

Ndingagule tailosi yakale ngati chikumbutso?

Musagule. Matailosi akale ambiri ogulitsidwa m'misika ya zinthu zakale anachita kusendedwa pamakoma a nyumba ndi matchalitchi, ndipo mipata imene mumaiona pa nyumba zina za ku Porto ndi ku Lisbon ndi zipsera za malonda amenewa. Vutoli linakula mpaka nyumba yosungira zakale ya apolisi ofufuza milandu inayambitsa ntchito ya SOS Azulejo mu 2007, ndipo mu 2017 nyumba ya malamulo inakhwimitsa lamulo loteteza makoma a matailosi. Amisiri ojambula atsopano alipo mumzindamo, ena amaphunzitsanso alendo kujambula tailosi yawoyawo. Poika m'chikwama ikulungeni ndi zovala, chifukwa imasweka m'makona.

Nanga za akuba, za okalamba ndi za chakudya?

Porto ndi mzinda wabata, koma malo amene anthu onse akuyang'ana kumwamba ndi munda wa opisa m'matumba. Chikwama chikhale kutsogolo, foni isakhale m'thumba lakumbuyo. M'kati mwa siteshoni ndi mosalala, kuchokera m'holo mpaka pokwerera sitima. Vuto lili kunja: mzindawu unamangidwa pazitunda, misewu yake ndi ya timiyala toterera mvula ikagwa, ndipo kutsikira ku Ribeira, dera la m'mphepete mwa mtsinje wa Douro, kudzera mu Rua das Flores n'kosavuta koma kubwerera n'chikweza chenicheni. Amene ali ndi agogo kapena munthu woyenda pa njinga ya olumala achite bwino kubwerera pa galimoto.

Chakudya sichisowa. Mbali ina ya siteshoniyi inasandutsidwa malo odyera a Time Out Market mu 2024, koma mitengo yake ndi ya alendo. M'timisewu ta kumbuyo muli malesitilanti ang'onoang'ono olemba prato do dia pakhomo, chakudya cha tsikulo, kumene amadya ogwira ntchito a m'tauni.

Kodi pamafunika viza? Nanga chilankhulo?

Okhala ndi pasipoti ya Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe kapena South Africa amafunika viza ya Schengen, yolowera m'mayiko ambiri a ku Ulaya kuphatikizapo Portugal, ndipo imapemphedwa ulendo usanayambe. Chilolezo chokhala ku Britain sichilowa m'malo mwa viza imeneyi, ngakhale kuti ndege zochokera ku London ndi ku Manchester zimatera ku Porto mwachindunji. Okhala ndi pasipoti ya Britain safuna viza pa ulendo waufupi. Ndalama ndi yuro. Nthawi ya ku Portugal ndi yofanana ndi ya ku Britain, kutanthauza kuti imatsalira ndi maola awiri poyerekeza ndi ya ku Lilongwe m'miyezi yawo yozizira, ndi ola limodzi m'miyezi yotentha.

Abale a ku Mozambique sadzavutika ndi chilankhulo, kungoti Chipwitikizi cha ku Porto chimameza zilembo ndipo chimathamanga kuposa cha ku Tete. Enafe Chingerezi chimatithandiza pogula tikiti ndi m'mahotela. Pa bolodi ya sitima, partidas ndi zonyamuka, chegadas ndi zofika, ndipo linha ndi nambala ya njanji imene sitima yanu yaimapo.